Nyimbo za agogo zili ndi eni ake

Pa zimbale zambiri za makwaya, pansi pa mutu wa nyimbo pamakhala dzina la wopeka. Koma pa nyimbo zina pamangolembedwa kuti "ya makolo", basi. Ife amene tinakulira m'makwaya a sukulu za mpingo timawadziwa bwino mawu amenewa, ndipo timadziwanso zimene ambiri amatanthauza akawalemba: nyimboyi ilibe mwini, aliyense atha kuitola ngati mango ogwera m'mbali mwa msewu. Malamulo a dziko lino sagwirizana ndi maganizo amenewa. Anthu amene amasunga nyimbozo pamtima nawonso sagwirizana nawo, kungoti kawirikawiri palibe amene amawafunsa.

Nkhaniyi inatipeza chifukwa cha ntchito ya m'kalasi. Tilipo asanu, tonse tikuphunzira za uphunzitsi. Atatu kwathu ndi ku Chipasula mumzinda wa Lilongwe, awiri enawo ndi a ku Kawale ndi ku Area 23, kotero tchuthi chikafika timaonana pafupifupi tsiku lililonse. Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa ana pa phunziro la Expressive Arts akulidziwa vuto lake. Buku limati phunzitsani nyimbo ya m'dera lanu. Koma mphunzitsi wa zaka 20, wokulira m'tauni ndi kusukulu yogonera konko, amadziwa nyimbo za mu Khristu mu Nyimbo ndi manambala ake omwe, pamene ya pamtondo amangodziwa poyambira pokha, kwinako n'kumangong'ung'udza. Anawo ndiye amadziwa za pa TikTok. Tinagwirizana kuti pa tchuthi tiyende m'makomo mwa amayi achikulire a m'dera lathu, atiimbire nyimbo zotonthozera ana, za pamtondo, za m'nthano ndi za masewera a pabwalo mwezi ukawala, ife tizijambule. Cholinga choyamba chinali choti tikhale nazo pokaphunzitsa. Koma maganizo sachedwa kubereka anzake. Wina anati tiziikenso pa YouTube. Wina anati kwaya ya achinyamata kumpingo kwathu ikaziimbe bwinobwino ku situdiyo, tizigulitsa, ndalama zake tisokere yunifolomu.

Pamenepo ndi pomwe tinaima kaye. Kukoleji kuno amatikumbutsa mosalekeza kuti kukopera ndime ya munthu wina osatchula dzina lake ndi kuba, ndipo tonse timachita mantha ndi ziro wa pa pepala. Zikanakhala zachilendo kuti anthu omwewo, oopa kuba ndime ya m'buku lolembedwa ku London, tikatute nyimbo 12 za anansi athu n'kuziika pamsika osafunsa munthu. Safunsa anadya phula. Tinatsegula tsamba la MalawiLII pa intaneti, pomwe malamulo a dziko lino amapezeka ulere, n'kuyamba kuwerenga.

Lamulo loona za umwini wa ntchito zaluso lomwe likugwira ntchito pano ndi Copyright Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa ya 1989. Bungwe loyendetsa nkhanizi tsiku ndi tsiku ndi Copyright Society of Malawi, lija tonse timangoti COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemo. Ambiri timalidziwa chifukwa cha ndalama zimene limatolera ku nyumba zoulutsira mawu, m'mahotela ndi m'malo azisangalalo n'kumagawira oimba. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti lamuloli lili ndi gawo lakelake lokamba za luso la makolo: nyimbo, nthano, ndagi, magule, zosemasema. Gawolo limati umwini wa zinthu zimenezi uli m'manja mwa Boma, lomwe limazisunga m'malo mwa anthu a m'Malawi kuti zipindulire iwowo, ndipo umwini umenewu sutha. Nyimbo ya munthu wodziwika imatetezedwa moyo wake wonse ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kenako imamasuka. Ya makolo simasuka. Nyimbo imene timaiyesa yaulere kuposa zonse ndi yomwe lamulo laigwira mpaka kalekale.

Musaganize kuti mayi wotonthoza mwana ku Chinsapo azikatenga kaye kalata, kapena kuti amayi ovina chimtali paukwati ku Biwi akuphwanya lamulo. Nyimbo ikamaimbidwa pamalo pake ndi pa mwambo wake, palibe mlandu. Chilolezo cha Boma chimafunika pamene munthu akufuna kuisindikiza, kuichulukitsa, kuigawa kapena kuiulutsa kuti apezepo phindu, kapenanso pamene akuichotsa pamalo pake pa chikhalidwe n'kupita nayo kwina. Lamulo lasiyanso makomo ena otseguka, ndipo lalikulu mwa iwo ndi lathu aphunzitsi: kugwiritsa ntchito luso la makolo pophunzitsa sikulira chilolezo. Munthu wopeka nyimbo yakeyake yatsopano, amene wangotapako nzeru ku za makolo, nayenso ndi womasuka. Chinthu china chimene lamulo limafuna n'chakuti ukatulutsa luso la makolo kwa anthu, utchule kumene lachokera, kaya ndi mtundu wa anthu kaya ndi dera.

Titawerenga izi, maganizo athu atatu aja anagwera m'madengu osiyana. Za m'kalasi zinalibe vuto. Zogulitsa zinafunika chilolezo, ndipo panalibe chokambirana, pakuti kugulitsa ndi kugulitsa ngakhale ndalamazo zikasokere yunifolomu ya kwaya. Za pa YouTube ndi zimene zinatitengera madzulo onse. Mnzathu wina ankati kumeneko sitikugulitsa kanthu. Koma nyimbo yotonthozera mwana ikafika pa YouTube yachoka kale kumsana kwa mayi, ndipo tsamba likakula limayamba kubweretsa ndalama za otsatsa malonda. Tinaziika m'dengu lofuna chilolezo.

Funso lovuta kwambiri linali lina: kodi nyimbo imene tikuitcha ya makoloyo ndi ya makolodi? Nyimbo ikakalamba m'makutu mwathu timaiwala kuti inali ndi tsiku limene munthu wina anaipeka. Tengani Linny Hoo. Ana ku Chipasula amaiimba akusewera, ndipo mwana wobadwa dzana angaganize kuti inabwera ndi makolo kuchokera ku Kaphirintiwa. Chonsecho ndi nyimbo ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, amene anaipeka poimbira mwana wawo wamkazi. Atabwereza kuiimba ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok mpaka m'maiko omwe sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti. Mwini wake akudziwika, kwawo kukudziwika. N'chimodzimodzi nyimbo za Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987: powerengera zaka 50 zija, nyimbo zake zili zotetezedwa mpaka 2037, ndipo woyenera kufunsidwa alipo. Mwa nyimbo zimene tinasonkhanitsa, ziwiri tinaziika padera chifukwa amayi amene anatiimbira, titawafunsitsa, anati anazimva koyamba pa wailesi ya MBC ali atsikana. Nyimbo yomveka koyamba pa wailesi itha kukhala ya makolo imene gulu la m'boma lina linakajambulitsa, ithanso kukhala yopekedwa ndi munthu amene ana ake ali moyo. Tisanadziwe kuti ndi iti mwa ziwirizi, sitiikhudza.

Amene akuona ngati tikukulitsa nkhani yaing'ono amve za Solomon Linda. Anali Mzulu wogwira ntchito wamba ku Johannesburg. Mu 1939 iye ndi gulu lake anajambula nyimbo yotchedwa Mbube ku kampani ya Gallo, ndipo analandira ndalama yochepa kwambiri. Mbale ya nyimboyo inafika ku America, kumene Pete Seeger ndi gulu la The Weavers anaiimba ndi dzina lakuti Wimoweh, poiyesa nyimbo ya makolo a ku Africa yopanda mwini. Mu 1961 gulu la The Tokens linaitulutsa ngati The Lion Sleeps Tonight, ndipo mu 1994 inamveka mu filimu ya Disney ya The Lion King. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka. Ana ake anadikira mpaka 2006, nkhani itafika kukhoti, kuti pakhale mgwirizano woti banjalo lizilandirako kanthu. Palibe amene anathyola nyumba ya Linda usiku. Anthu anangoti nyimboyi ndi ya makolo, ndipo mawu amenewo anakwanira kufufuta dzina la munthu kwa zaka zambirimbiri. Ife sitili ku America ndipo nyimbo zathu mwina sizidzafika mu filimu, koma cholembera chimene chimalemba kuti "ya makolo" pa chimbale cha kwaya ya ku Area 25 chimagwira ntchito yomweyo.

Palinso zigawo zina zimene munthu wothamanga amazilumpha. Nyimbo ingakhale ya makolodi, koma ngati kwaya ina inaikonza m'mawu anayi, soprano mpaka besi, kakonzedweko ndi ka amene anakakonza, ndipo kukakopera ndi nkhani ina yofuna chilolezo chake. Chojambulidwa nachonso chili ndi mwini wake. Hugh Tracey anayenda m'dziko lino likadali Nyasaland, m'zaka monga 1950 ndi 1958, kujambula azimayi osinja, oimba bangwe ndi kalimba, ovina mganda ndi ena ambiri. Zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, yomwe iye anayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Zina mwa izo zimamveka pa intaneti. Wachinyamata wa ku situdiyo akadulako kachidutswa n'kukaika pansi pa biti yake, wakhudza eni awiri nthawi imodzi: anthu a m'Malawi amene nyimboyo ndi yawo, ndi osunga chojambulidwacho. Ndiye pali woimba mwiniwakeyo, amene mawu ake sayenera kujambulidwa ndi kufalitsidwa iye asanavomere.

Gawo lomalizali ndi limene linatiphunzitsa zambiri, ndipo sitinaliphunzire pa MalawiLII. Agogo ena a ku Dorika, ochokera ku Dedza koma okhala ku Chipasula kuyambira ana awo ali aang'ono, anatilandira pakhonde pawo masana ena. Tisanatulutse foni tinawafotokozera zonse: kuti ndife ndani, nyimbozo tikufuna kukachita nazo chiyani, ndani adzazimva. Anamvetsera, kenako anafunsa funso limene ife tinathera madzulo onse tikulizungulira.

"Ndiye mawu angawa akalowa m'menemo, akathera kuti, adzukulu anga?"

Tinawauza kuti poyamba akathera m'kalasi, ndipo kwina kulikonse sadzapita iwo asanavomere. Anatiimbira zisanu: ziwiri za pamtondo, iwo akumenya mpando ndi chikhatho m'malo mwa munsi, imodzi yotonthozera mwana, ziwiri za m'nthano, ife tikuvomera. Kenako anayamba kung'ung'udza ina, yokoma kuposa zonsezo, n'kuidula pakati.

"Iyi ayi. Zimitsani kaye. Ndi ya kutsimba iyi, ndipo pano pali anyamata."

Tinazimitsa. Agogowa analowa mpingo kalekale ndipo za chinamwali anazisiya, koma amadziwa kuti nyimboyo si yawo okha. Ndi ya anamkungwi amene anawaphunzitsa, ndi ya azimayi a kumudzi kwawo, ndipo anailandira ndi malamulo ake. Ngakhale tikanabwera ndi kalata ya chidindo cha Boma m'manja, yankho lawo likanakhala lomwelo, ndipo akanakhala akulondola. Pakhomo lina amayi ena anatilola kujambula nyimbo ya pamaliro, koma anatichenjeza kuti asadzaimve itaikidwa ng'oma za pakompyuta achinyamata akuvina. Ananena kuti anaimva kale ina itachitidwa zotero paukwati, ndipo chakudya sichinalowenso. Lamulo nalonso limaletsa kupotoza luso la makolo m'njira yonyozetsa eni ake, koma amayiwa sanafunike kuwerenga lamulo kuti adziwe zimenezo.

Kutchula gwero kumamveka kophweka mpaka utakuyesa m'tauni. Ku Chipasula, pa mzere umodzi wa nyumba pali Mchewa wa ku Dowa, Mlomwe wa ku Thyolo, Myao wa ku Mangochi, Mtumbuka wa ku Rumphi ndi Mngoni wa ku Ntcheu, ndipo ana awo amasewerera bwalo limodzi. Nyimbo imodzi ya masewera tinaimva m'makomo atatu, chuni chimodzi, mawu osiyana, aliyense akulumbira kuti ndi ya kwawo. Sitinafune kukhala oweruza. Pa nyimbo iliyonse timalemba zimene tikuzidziwa motsimikiza: dzina la amene anatiimbira ngati avomera kutchulidwa, mudzi ndi boma kumene anaiphunzira, amene anawaphunzitsa, nthawi imene inkaimbidwa, ndi tsiku limene tinajambula. Ikakhala ndi makomo atatu, timalemba onse atatu. Mwana wa Sitandade 5 akadzafunsa kuti nyimboyi inachokera kuti, mphunzitsi adzakhala ndi yankho loposa lakuti "kwa makolo".

Tilankhuleko pang'ono za m'nyumba mwathu. Makwaya athu amakonda kutenga chuni cha nyimbo ya kumudzi n'kuikamo mawu a uthenga wabwino. Ife sitikuona cholakwika pa zimenezi, ndipo zina mwa nyimbo zimene zimagwira mtima pa misonkhano ya misasa zinabadwa motero. Chimene chimatidabwitsa ndi kusiyana kwa ulemu. Timadziwa kuti Fanny Crosby, amene anamwalira mu 1915, analemba mawu a nyimbo zambiri zimene timaimba pa Sabata. Timadziwa za F. E. Belden, amene anasonkhanitsa buku la Christ in Song. Mayina awo awoloka nyanja n'kufika mpaka ku Mgona. Koma chuni chochokera kwa azimayi a ku Nkhoma kapena ku Mayani chikalowa m'chimbale, pamalembedwa dzina la mtsogoleri wa kwaya ngati wopeka zonse. Akakailembetsa ku COSOMA ngati yakeyake, ndiye kuti wadzitengera chuma cha mudzi wonse. Masiku ano palinso makina a pa YouTube otchedwa Content ID, omwe amafananitsa nyimbo zatsopano ndi zimene ena analembetsa kale. Zitha kuchitika kuti kwaya ya m'mudzi momwe chunicho chinabadwira ikaika nyimbo yawo, makina n'kuwauza kuti akopera kwa anthu a m'tauni. Wopeka mawu atsopano alembe kuti mawu ndi ake, wokonza alembe kuti kakonzedwe ndi kake, chuni achisiyire eni ake. Lamulo lachisanu ndi chitatu timaliloweza tili ku Adventurer, ndipo silinapatule nyimbo.

Sikuti lamulo la dziko tagwirizana nalo m'zonse. Likamati Boma likusunga nyimbozi m'malo mwa anthu, funso limatsala lakuti anthuwo ndi ati. Munthu akalipira kuti agwiritse ntchito nyimbo ya pamtondo, ndalamayo siipita m'mpango mwa agogo amene anaisunga zaka 60. Kuchokera ku Capital Hill kufika ku Chipasula ndi ulendo waufupi pa minibasi, koma kwa ndalama ndi wautali zedi. Mmodzi wa ife anafika ponena kuti ngati zili choncho, bwanji tingogwirizana ndi agogowo n'kulisiya Boma. Tinakangana, ndipo mfundo yake si yopusa. Koma popanda lamulo limeneli, kampani iliyonse ya kunja ikanatha kubwera ndi makina abwino kuposa foni zathu, n'kututa nyimbo za m'maboma onse, osayankha kwa wina aliyense. Dziko lapansi likudziwa kuti tili ndi chuma: UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, Tchopa mu 2014. Mpanda wokhala ndi mipata umafunika kuutseka mipatayo, ndipo ndi ntchito ya ife ophunzira kufunsa kuti ndalama zotere zimathera kuti. Pakadali pano, mpata umene lamulo lasiya pakati pa Boma ndi agogo titha kuutseka tokha, polemberana ndi oimbawo kuti ngati padzapezeke phindu, gawo lawo lidzakhala lotani.

Tinalemba kapepala ka tsamba limodzi m'Chichewa. Kamanena dzina la nyimbo, kumene ikagwiritsidwe ntchito, kumene siyenera kupita, ndi kuti woimbayo atha kusintha maganizo nthawi ina iliyonse. Timakawerenga mokweza. Odziwa kulemba amasaina, ena amadinda chala, ndipo ena anakonda kuti kuvomera kwawo tikujambule ndi mawu kumayambiriro kwa nyimboyo. Banja lililonse talisiyira zimene tinajambula pakhomo pawo, pa foni ya mwana kapena mdzukulu, chifukwa n'zopanda nzeru kuti mawu a agogo akhale pa laputopu ya mlendo pamene adzukulu awo alibe. Pofuna malangizo a kajambulidwe sitinafunike kupita kutali, popeza sukulu ya zoimbaimba ya Music Crossroads ili ku Area 23 komweko.

Mwa nyimbo 12 zija, ziwiri zikudikira kuti tidziwe eni ake, ya pamaliro taisunga kuti izimveka pa phunziro lokamba za miyambo ya maliro lokha, ndipo 9 zotsalazo tikupita nazo kokayeserera kuphunzitsa teremu ikubwerayi. Za YouTube ndi za situdiyo talembera kalata a COSOMA, kufotokoza nyimbozo imodziimodzi ndi kufunsa njira yopezera chilolezo ndi mtengo wake. Anzathu a kwaya sanakondwe nazo. Yunifolomu yakale yayamba kuyera m'mapewa, msonkhano wa misasa ukuyandikira, ndipo wina anatiuza m'maso kuti makwaya ena amangojambula popanda zonsezi ndipo palibe anamangidwapo. Tinamuyankha kuti tikudziwa. Ndalama ya yunifolomu tayamba kuisonkha pogulitsa zitumbuwa ndi mandasi Lamlungu m'mawa, ndipo agogo a ku Dedza aja ndi amene anatibwereka chiwaya.